Aneni amakani a bambo anga

Bambo anga anayamba kuphunzira Chingerezi mutu uli mbuu ndi imvi, mano akutsogolo atatha kale, ndipo amene anawachititsa zimenezi ndi mwana wawo wobereka okha. Ndikamazikumbukira mpaka lero mtima umandiwawa, ndiye musayembekezere kuti achimwene angawo ndi akazi awo ndiwanenera zabwino.

Bambo anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Old Town, kufupi ndi msika waukulu, pamene fumbi lonse la minibasi limathera m'mphuno za anthu. Makina awo anali opalasa ndi phazi, akuda, maluwa ake agolide atafufutika kalekale. Makina amenewo ndiwo anatiphunzitsa sukulu tonse awiri. Ine ndinalekera Folomu 4 n'kupeza ntchito yotayipa ndi kujambula mapepala m'kaofesi kena ku City Centre. Achimwene anapitirira mpaka ku yunivesite, n'kubwerako ndi digiri, chimimba ndi mkazi. Mayi anali atatisiya kale nthawi imeneyo. Ine ndinkakhala ndi bambo ku Kawale, achimwene ankakhala ku Area 9, kumene mipanda yake ndi yaitali ngati ya ndende ndipo agalu amadya bwino kuposa alonda.

Alamu anga ndinkawadziwa asanakhale alamu anga. Mayi awo ankagulitsa usipa mumsika momwemo, ndipo iwo ali mtsikana ankathandiza kuitanira malonda ndi mawu omveka mpaka kudepoti. Palibe cholakwika ndi usipa, tonse unatilera. Koma atangolowa m'geti la ku Area 9, Chichewa chinayamba kuwanunkha. Mawu anasamuka kukamwa n'kukakhala m'mphuno. Ukawapatsa moni ankayankha ngati akumva kuwawa dzino, kenaka n'kutembenukira ku Chingerezi, kuti usaiwale kuti iwe ndi iwo simuli pamodzi.

Anabereka mwana wamkazi. Bambo anakondwa moti tsiku limenelo anasokera anthu zigamba osafunsa kanthu. Ali khanda ankapita kukamunyamula, kumuimbira tinyimbo tawo ta kumudzi, ndipo palibe amene ankadandaula, poti khanda silimva. Vuto linayamba mwanayo atayamba kutulutsa mawu. Mphunzitsi wina wa kumkaka anauza alamu kuti mwana akamamva zilankhulo ziwiri mutu umasokonekera, ndipo akadzapita kukayesedwa ku sukulu yapamwamba imene ankamufunira adzakanidwa. Alamu anazimeza zonse osatafuna. Anakhazikitsa lamulo loti m'kati mwa mpanda wawo Chichewa chisamveke.

Uthengawo anabwera nawo ndi achimwene. Ndinalipo tsiku limenelo, ndinali nditadutsira pakhonde pochokera kuntchito. Anaimika galimoto m'mphepete mwa ngalande, n'kutsitsa galasi, osatuluka. Bambo ndiwo anasiya makina n'kupita kukawerama pawindo, ngati wogulitsa nthochi.

"Bambo, si kuti tikukuletsani kubwera ayi," anatero achimwene. "Kungoti mwana uja tikumukonzekeretsa sukulu. Ndiye mukabwera muziyesa Chingerezi. Ngati sizikutheka, bola mudikire akule kaye."

"Chabwino, ndamva," anatero bambo.

Galimoto itachoka anabwerera pampando wawo, n'kukhala kanthawi akuyang'ana singano. Ine ndinali nditatupa kale. Ndinawauza kuti apite akawatukwane onse awiri, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, nanga bambo wako ndiye ungamuone kuchepa Chizungu? Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa dzulo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, gogo wa kuchimuna ndi mlendo woitanidwa. Ndiponso mpongozi sukangana naye maso ndi maso, bambo ngakhale kudya pamaso pa alamu ankachita manyazi. Iwo anali kusunga mwambo ndi anthu amene mwambowo anautaya padzala.

"Akuti ndidikire akule," anatero. "Ine ndizidikira ndili kuti, kumanda? Iwe unafika Folomu 4. Undiphunzitse."

Tinayamba mawa lake. Ndikaweruka ndinkatsikira kudepoti n'kukakhala pabenchi ya makasitomala mpaka nthawi yolowetsa makina m'sitolo. Mayina a zinthu sanativute. Telala amadziwa kale kolala, zipi, batani, siketi, ndipo kuwerenga mainchesi bambo ankandiposa. Titafika pa aneni ndinawauza kuti Mzungu akafuna kunena za dzulo amangolumikiza kamchira kumapeto kwa liwu. Zimenezo anazikonda kwambiri, anati zili ngati kupinda mpendero, ukadziwa umodzi wadziwa yonse. Anayenda nazo bwino masiku angapo mpaka pamene anandiuza monyadira kuti dzulo iwo "goedi" kutchalitchi.

"Ayi bambo, limenelo silitero. Lero ndi go, dzulo ndi wenti."

"Wenti? Nanga go uja wapita kuti?"

"Basi, ndi mmene zilili."

"Amene ananena zimenezo ndani?"

"Eni ake chilankhulo."

Anapukusa mutu. Anati munthu amene angasinthe dzina chifukwa choti kwacha ndi wakuba. Nditawauza kuti mawu otere alipo ambiri, ndipo ndi omwewo amene munthu amawafuna tsiku lililonse, kudya, kubwera, kugula, kuona, anati amenewo ndi aneni amakani, ofunika kuwagwira mmodzimmodzi ngati nkhuku zothawa. Anang'amba katoni ya sopo, n'kujambula mzere pakati ndi choko chawo cholembera nsalu. Mbali ina analemba kuti lero, inayo dzulo. Katoniyo anaikhomera pachipilala cha khonde, moyang'anana ndi makina.

Kuyambira pamenepo aliyense wodutsa pakhondepo ankamva sukulu. Phazi likatsika, lero, likakwera, dzulo. Go, wenti. Kamu, kemu. Iti, eti. Si, so. Akafulumiza makina pamsoko wautali wa thalauza, aneniwo ankafulumiranso. Amayi a mumsika obweretsa zitenje ankagwirana m'manja ndi kuseka, ati atelala apenga. Mkulu wina wachisilamu wokonza mawotchi, amene anakhala nawo khonde limodzi zaka zambiri, ankakweza galasi lake la padiso n'kuwafunsa kuti, "Kodi achimwene, Mzungu amene mukufuna kukwatirayo tidzamuona liti?" Bambo ankayankha kuti mkazi ali naye kale ku Area 9, ngwamfupi ngati mtondo, kungoti amafuna mwamuna wophunzira.

Panali banja limodzi la aneni limene linawasautsa koposa. Bai, boti. Bring'i, buloti. Kachi, koti. Tichi, toti. Bambo ankati onsewa ndi ana a munthu mmodzi, ukawaona kumbuyo sungawasiyanitse. Ena aja anawagwira m'kupita kwa nthawi, koma la kuphunzitsa linawakana. Nthawi zonse ankati "tichidi". Ndinkawakonza, iwo n'kubwereza bwinobwino, mawa lake "tichidi" yemweyo. Tsiku lina ndinakwiya n'kuwakalipira ngati mwana wa Sitandade 2, pamaso pa kasitomala. Anangotenga choko n'kukandikiza liwulo pakatoni mpaka choko chinathyoka.

Ataona kuti akhwima pang'ono anatumiza uthenga kwa achimwene, ndipo tinaloledwa kubwera Loweruka masana. Bambo ankatseka makina nthawi imene makasitomala amachuluka, n'kuvala jekete yawo yapatchalitchi. Ine ndinkawaperekeza, poti ndinkaopa kuwasiya okha m'manja mwa anthu aja. Minibasi inkatitula pamsewu waukulu, kwinako n'kuyenda wapansi. Kumadera amenewo misewu anaipangira magalimoto okha, munthu woyenda pansi amaoneka ngati wakuba kapena wofuna ganyu. Mlonda ankatisuzumira pakabowo ka geti n'kupita kukafunsa kaye, ngakhale ankatidziwa bwinobwino.

Chimene chinkachitika pakhonde la nyumba imeneyo sindidzachiiwala. Bambo ankakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa pamaondo. Alamu ankaima patsogolo pawo, kapu m'manja, n'kuyamba kuwafunsa m'Chingerezi. Mwadya chiyani m'mawa, adadi? Mwabwera bwanji? Dzulo munapita kuti? Mpongozi, kuyesa mayeso apongozi ake aamuna, ataimirira. Bambo ankayang'ana pansi, milomo ikuyenda, kusakasaka pakatoni ya m'mutu mwawo, kenaka n'kuyankha m'Chingerezi chawo kuti, "Ayi eti mbatata," kutanthauza kuti adya mbatata. Alamu ankaseka kaseko kawo ka m'mphuno, n'kuwauza dzina la mbatata pa Chizungu. Tsiku lina anawajambula pafoni n'kutumizira anzawo. Ndinadziwa chifukwa mtsikana wina wa kuofesi kwathu anandionetsa, osadziwa kuti nkhalamba imene akuisekayo ndi bambo anga. Achimwene nthawi yonseyi ankakhala m'nyumba, maso pa mpira wa kunja.

Akakhoza mayeso, mwana ankatulutsidwa. Ankakhala pamatailosi, kuwayang'ana agogo ake ndi maso aakulu. Bambo ankatulutsa kajumbo n'kunena mawu amene anawaloweza mlungu wonse, "Ayi buloti banana." Mwana ankalandira, osayankha. Bambo n'kuwonjezera kuti dzulo anaona galu, dzana anagula ulusi. Munthu amene pakhonde lake ankaseketsa msika wonse, apa ankalankhula ngati wailesi yotha mabatire. Alamu ankamvetsera cha pakhomo kuti pasadumphe liwu loletsedwa. Pobwerera bambo ankati zayenda bwino, mwana akuwazolowera. Ine ndinkangokukuta mano.

M'nyumbamo munali mayi wina wantchito, wamasiye, wachikulire ndithu, wochokera kumidzi ya cha ku Mitundu. Onse ankamuitana kuti anti. Iyeyu ndiye ankamusambitsa mwanayo, kumudyetsa, kumubereka kumbuyo, kumugoneka. Makolo ankachoka m'mawa mwana asanadzuke bwino n'kubwerako dzuwa litalowa. Alamu anamupatsa mayiyo timawu tingapo ta Chingerezi, bwera, khala, idya, siya, n'kumuuza kuti ndi mwana azilankhula timeneto basi. Tangoganizani anthu a madigiri kukhulupirira kuti mayi wa ku Mitundu angakhale ndi mwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka, akulankhula ngati akulamula galu. Koma anakhulupirira, chifukwa iwo anali atalamula.

Loweruka lina tinapeza eni nyumba akuchoka, ankapita ku ukwati. Mayeso anali achidule, alamu ankaopa kuchedwa. Anatisiya ndi anti uja. Bambo anakakhala pamthunzi wa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene mayiyo ankayanika zovala. Anayamba mwa nthawi zonse, kuti abweretsa nthochi, kuti m'mawa anadya mbatata. Mwana anawayandikira, n'kugwira jekete yawo ndi tizala take.

"Agogo, batani lanu likugwa," anatero.

Bambo anatembenukira kwa ine, poganiza kuti ndalankhula ndine. Ine kukamwa kunali yasa.

"Wati chiyani, mwana iwe?" anafunsa bambo.

"Ndati batani likugwa. Mulibe singano kodi? Ndiponso inu bwanji mumayankhula zosamveka?"

Sichinali Chichewa cha m'tauni chosakaniza chija ayi. Chinali chakumudzi chenicheni, chokoka mawu, ngati ukumva mayi akuitana mnzake kudimba. Anti uja anagwetsa beseni, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi bambo. Anapempha kuti chonde tisakanene, mwanayo anamulangiza kuti makolo ake akakhalapo azitseka pakamwa, lero wangoiwala. Bambo sanamumve n'komwe. Ankaseka, misozi ikutsikira m'makwinya, uku akupukuta ndi chipewa. Ine sindinawaonepo akuseka choncho chimwalirireni mayi.

"Ndiye iwe umamva zonse, n'kumandisiya ndikuvutika chonchi?" anatero. "Mkazi wanji iwe wopanda chisoni ndi mwamuna wake?"

"Ine si mkazi wanu. Inu mulibe mano."

"Mano ndinakagulitsa kuti ndikugulire nthochi."

"Bodza."

Tsiku limenelo analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Bambo anatulutsa singano imene inkakhala kuseri kwa kolala yawo, n'kumuonetsa mwanayo kusoka batani. Anatulutsanso tepi m'thumba n'kumuyeza, mapewa, chiuno, kutalika, ati mkazi wa telala sangayende ndi zovala za m'sitolo. Sanalembe paliponse, miyeso ya anthu ankaisunga m'mutu.

Ine ndinkafuna Lolemba lomwelo ndikaime pageti n'kuwauza alamu kuti mpanda wawo wabooka kalekale. Bambo anandiletsa mwamphamvu. Ndipo katoni ija sanaichotse, anawonjezera ina pansi pake. Ndinawafunsa kuti mukuvutikiranji, poti mwana akukumvani? Anati aneniwo si a mwana, ndi a pageti. Akapanda kukhoza mayeso a mpongozi sangafike kumtengo wa mapeyala. Choncho mlungu wonse ankapalasa makina akuloweza, Loweruka n'kukaima pamaso pa alamu kuti dzulo anagula, dzana anaona, ndipo alamu akangolowa m'nyumba kukagwira foni, agogo ndi mdzukulu ankazembera kuseri kukanong'onezana. Miyezi imeneyo bambo ananenepa.

Kenaka linafika tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwanayo. Bambo anasankha okha chitenje mumsika, chachikasu cha timbalame, n'kusoka diresi la malaya ofutukuka ndi lamba womanga kumbuyo. Analipereka Loweruka la m'mbuyo mwake. Mwana analiyesa kuseri kuja, n'kuzungulira nalo mpaka kugwa pakapinga. Alamu atalilandira analigwira ndi zala ziwiri, n'kunena kuti n'lokongola, azivala posewera.

Phwandolo linali la anthu akuluakulu, ana anangokhala chifukwa. Magalimoto anadzaza msewu. Panali mabaluni, tenti, ndi chinyumba chopopa chodumphamo ana. Azimayi a mawigi ofika m'chiuno ankakalipira ana awo m'Chingerezi, koma akayandikizana mitu kuti adye miseche ankatsikira m'Chichewa, poti miseche pa Chizungu sikoma. Ine ndi bambo anatiika pafupi ndi khomo la kukhitchini, pamodzi ndi madalaivala. Bambo sanadandaule. Anakhala ndi jekete yawo, milomo ikuyenda, kukonzekera ngati mlendo wina angawafunse kanthu. Palibe anawafunsa.

Mwana anamuveka chidiresi cha maukonde chochokera ku Joni, cholimba ngati sefa. Kuyambira pachiyambi ankadzikanda m'khosi ndi m'khwapa. Itafika nthawi yodula keke anamuimika pampando, anthu onse atazungulira, mafoni m'mwamba. Alamu ankamuchotsa dzanja pakhosi n'kumuuza kuti amwetulire. Iye n'kubweza dzanja, iwo n'kulichotsanso. Kenaka mwana anakwiya, ndipo mkwiyo sudikira kuti usankhe chilankhulo.

"Ndati chikundiyabwa chimenechi! Mundivule, ine ndikufuna diresi la agogo. Kodi simukumva?"

Nyimbo yokha ndiyo inkapitirira. Ndiye mayi wina wa wigi yofiira anaphulika kuseka, n'kunena mokweza kuti, "Koma abale, Chichewa chake n'cha kumudzi kwenikweni." Ena anatsatira. Sankaseka mwankhanza, ambiri zinangowasangalatsa, ndipo ndikukhulupirira kuti theka la iwo ana awo ankachita zomwezo kuseri. Koma alamu nkhope inagwa ngati awavula chitenje pamsika.

Sanadikire n'komwe kuti alendo apite. Keke itangodulidwa analowa kukhitchini, achimwene akuwatsata pambuyo. Ife tinali pakhomo pomwepo, tinaona zonse. Anti uja anali pasinki, akutsuka mbale imodzi yomweyo. Alamu anayamba m'Chingerezi, koma sichinawakwanire. Mawu anatsika m'mphuno n'kubwerera kukamwa, ndipo ndinamvanso mtsikana uja woitanira usipa.

"Ndani wandiwonongera mwana? Ndikufunsa inu, anti. Ndimakusiyirani mwana kuti muzimuphunzitsa zakumudzi kwanu? Lero lomwe mulongedze katundu wanu, ndisakuoneninso pano."

Mayiyo anangogwira m'mphepete mwa sinki. Achimwene ankayang'ana firiji ngati ayiona koyamba.

Bambo anaimirira. Anavula chipewa, n'kuima pakhomo la khitchini osalowa, poti m'khitchini ya mpongozi sankaponda. Ndinaona milomo yawo ikuyenda kaye payokha. Kenaka analankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono, akudziloza pachifuwa.

"Ayi toti ha."

Alamu anatembenuka. Bambo anabwerezanso, kuti ndi iwo anamuphunzitsa, n'kuwonjezera liwu limodzi loti Loweruka. Miyezi yonse ija ya pakhonde, kusekedwa ndi msika wonse, choko chothyoka, zonse zinathera pa bodza limeneli, ndipo analinena mosalakwitsa.

Munthu aliyense wa nzeru akanadziwa kuti n'zosatheka. Mwana sangatole Chichewa chotere kwa nkhalamba yobwera masana a Loweruka, imene mayi ake amaimvetsera pakhomo. Ndiponso bambo kwawo si ku Mitundu, kalankhulidwe kawo n'kosiyana. Koma kuti uzindikire zimenezo uyenera kumudziwa mwana wako, ndipo anthu awiri aja ankadziwa sukulu imene adzapite, osati iyeyo. Komanso kupeza wantchito wina wokhulupirika n'kovuta, pamene kuchotsa mpongozi n'kosavuta. Alamu anapumira m'mwamba, n'kunena kuti ankadziwa, ankakayikira kuyambira kale. Anamuuza anti kuti apitirize kutsuka mbale.

Achimwene anatiperekeza mpaka pageti. Galimoto zinali zitatsekerezana, ndiye anati sangathe kutulutsa yawo.

"Bambo, mwatichititsa manyazi pamaso pa anthu," anatero. "Tinagwirizana bwinobwino. Ndiye mupume kaye kubwera, mpaka mwana akalowe sukulu ija. Tidzakuuzani."

"Chabwino, ndamva," anatero bambo.

Ine sindinathe kupirira. Ndinawauza kuti achimwene, Chizungu chimene mukunyada nachocho chinachokera m'miyendo ya munthu ameneyu, anapalasa makina mpaka maondo kutupa kuti inu mukaphunzire kuchita naye manyazi. Ndinawauza kuti ndi munthu wamantha, wobisala kumbuyo kwa mkazi, ndipo ngakhale mlonda wawo ali ndi ulemu kuposa iwo. Anangoti, "Iwe usayambe zako," n'kuuza mlonda kuti atseke geti. Mwana sitinatsanzikane naye. Tikuchoka ndinamumva akulira m'kati, sindinamve kuti ankalira m'chilankhulo chiti.

Tinayenda wapansi kulowera kumsewu waukulu. Ukali wanga wonse unatembenukira kwa bambo. Ndinawafunsa kuti mwanamiranji, mwadziphera nokha Loweruka lanu chifukwa cha munthu amene si m'bale wanu n'komwe. Anapitiriza kuyenda, akupewa magalimoto.

"Ine ndimabwera Loweruka lokha," anatero. "Mayi uja amakhala naye tsiku lililonse. Akachoka iyeyo, mwanayu azilankhula ndi ndani?"

Titatsala pang'ono kufika pasiteji anandigwira pamkono.

"Koma ndanena bwino, eti? Toti."

"Mwanena bwino, bambo."

"Ndinadziwa kuti tsiku lina ndidzamugwira ameneyu."

Achimwene aja sanatiuze kanthu. Mwana analowa sukulu ija, mutu wake sunasokonekere ndi pang'ono pomwe, koma uthenga woti bambo abwere sunafike. Achimwene ankadutsa pakhonde mwa apo ndi apo, kutsitsa galasi, kufunsa za maondo, n'kunena kuti kunyumba kuli kotanganidwa. Bambo sanafunse, mwambo wawo womwe uja. Ine kugeti limenelo sindinapondekonso, ndipo sanandiitane. Aneni aja analeka kumveka pakhonde. Wokonza mawotchi anafunsa kamodzi za Mzungu uja, ataona nkhope ya bambo sanafunsenso. Katoni inakhala pachipilala mpaka mvula inaifewetsa, kenaka bambo anaipinda n'kuiika pansi pa mwendo wa makina umene unkagwedera.

Chaka chotsatira, mwezi wobadwa mwanayo utayandikira, ndinawapeza atayala chitenje chatsopano pathebulo, chobiriwira. Choko chinali m'manja, sizasi pambali. Anali atajambula mzere wa phewa n'kuima. Bambo amene ankangomuyang'ana munthu akudutsa mumsewu n'kunena saizi ya thalauza lake, anaima pamenepo nthawi yaitali, tepi ili pakhosi.

Atandiona anatambasula dzanja m'mbali mwawo, chikhatho chikuyang'ana pansi, pa msinkhu umene mwanayo anali nawo tsiku la phwando. Kenaka analikweza pang'ono, n'kulikwezanso.

"Pano akufika pati?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti sindikudziwa. Anagwedeza mutu, n'kufufuta mzere uja ndi chala. Anapinda chitenjecho bwinobwino n'kuchiika pansi pa nsalu za makasitomala, kenaka anatenga thalauza la munthu wina n'kuyamba kulifupikitsa.